Chitseko Chachitatu Kumanzere

Ukalowa pa geti usaime pa kauntala
pomwe amalemba za mbuzi zobedwa ndi njinga zopanda mabuleki.
Zungulira kuseri, udutse mtengo wa nimu,
chitseko chachitatu kumanzere. Ndili momwemo.
Mfuti ndilibe.
Ndili ndi bukhu, bolopeni yomangirira ku ulusi,
matiresi awiri, fulasiki,
ndi chidole chothyoka mkono
chimene ana amachinong'oneza zomwe akanika kundiuza ine.

Lachiwiri lija dzuwa la Salima linali litawotcha kale malata
pamene Lufeyo anafika, thukuta lili kamukamu.
Masana ndi wakabaza,
usiku ndi wachitetezo cha m'mudzi ku Kaphatenga;
malipiro ake ndi wezulo, chovala chonyezimira
ndi tochi yoyaka ukaimenya mbama.
Pa kaliyala anakweza Zelipa,
diso limodzi litatsekeka, nsapato imodzi, mwana kumsana.
Sanamulipiritse. Anangoti,
"Bwana, tinamva kukuwa katatu.
Kenako zii. Ziiyo ndi amene anatithyoletsa chitseko."

Ndinathira tiyi.
Kuno sitiyamba ndi funso,
limabwera lokha kapu ikafika pakati.
"Ndinagwa pa mjigo," anatero.
Ndinayang'ana pakhosi pake.
Mjigo wa ku Kaphatenga uli ndi zala zisanu.

Ndinadinda kalata ya kuchipatala.
Galimoto yathu inali itakhala pa miyala, mafuta kulibe,
choncho Lufeyo anapalasanso.

Lachinayi kunabwera ankhoswe, majekete pa kutentha konseku,
atanyamula mawu osalala ngati sopo:
banja ndi kupirira,
zam'nyumba saziyanika pabwalo.
Zelipa anayang'ana pansi, akupota nsonga ya chitenje.
"Utsekeni mlanduwo, amayi.
Mpunga wacha kudambo, adula ndani?
Ngongole ya kubanki m'khonde ndibweza ndi chiyani?"

Lamulo ndimalidziwa ndime ndi ndime.
Koma chidindo changa sichigula ufa,
ndipo tsiku limenelo yunifolomu inandilemera ngati yonyowa.
Ndinamuuza mwamunayo zimene lamulo likunena, maso ndi maso,
anasaina dzanja likunjenjemera, kaya ndi manyazi, kaya ndi matsire.
Atatuluka onse ndinapempha bukhu la kusikelo la mwana.
Pa tsamba la katemera, pomwe bambo wake sanatsegulepo chibadwire,
ndinalemba nambala yanga ting'onoting'ono.
"Mayunitsi usadandaule. Ungoliza kawiri, udule."

Masabata anadutsa.
Ndinakaima pa sukulu ku Khombedza
pamaso pa ana makumi asanu ndi anayi okhala pansi,
anyamata akuseka majombo anga.
Ndinawauza kuti thupi lanu si munda wa wina aliyense.
Belu litalira kamtsikana kena kanatsalira, kakufufuta bolodi loyera kale.
"Nanga akakhala amalume
amene amakulipirira mayeso?"
Ndinatsegula tsamba latsopano nditatsamira khoma.

Bukhuli ndi lachisanu ndi chiwiri chibwerereni ku Salima.
Mayina ena ndinawaona akukula, akugulitsa tomato, akundipatsa moni pa depoti.
Ena ndinawamva pa chimkuzamawu cha maliro.
Amenewo sindiwadula mzere.

Usiku wathawu, magetsi atazima, udzudzu ukuimba nyimbo yake,
foni inalira pansi pa pilo.
Kamodzi.
Kawiri.
Zii.

Sindinayatse nyali kuti ndione dzina.
Ndinavala majombo mumdima, lamanzere kuphazi lamanja,
chala chikusaka nambala ina ija.
"Lufeyo, uli maso?
Popa matayala.
Ulize wezulo, adzuke onse, ngakhale ankhoswe.
Ine ndikutsegula chitseko chachitatu,
ndayika kale madzi pa mbaula."